Bizinesi iyambire pa vuto kapena pa ganizo? Mafunso a ku Chileka ndi ku Lirangwe

Kumapeto kwa chaka, magulu a banki mkhonde akamagawana masheya, komanso anyamata akamatsika basi ya ku Joni ndi kangachepe m'thumba, m'midzi ya kwa Kuntaja ndi m'misika yozungulira mumamveka funso limodzi: ndiyambe geni yanji? Ambiri amafunsa yankho ali nalo kale mumtima, ndipo pofika Febuluwale mpamba uja umakhala utathera pa ufa ndi ndiwo. Sikuti anthu ake ndi aulesi kapena osadziwa kuwerengera ndalama. Kawirikawiri chimene chimalakwika ndi poyambira penipeni.

Kodi vuto ndi ganizo zimasiyana pati? Si bizinesi iliyonse imayamba ndi kuganiza?

Kuganiza kumakhalapo ndithu, koma tiyenera kuona kuti chinthucho chili kwa yani. Ganizo limakhala mwa wogulitsa: ndikufuna kutsegula saluni, ndikufuna kuweta zinziri, ndikufuna golosale pafupi ndi siteji. Vuto limakhala mwa wogula, ndipo limakhala lilipo kale inu musanalote n'komwe zochita malonda. Mayi amene nkhuku zake zimatha ndi chitopa nyengo yotentha ikafika ali ndi vuto. Mudzi umene mjigo wake wakhala milungu itatu osatulutsa madzi chifukwa cha kalabala kamodzi kotha uli ndi vuto. Mlimi amene amafika pa Lunzu tomato wake wina ataphwanyikira m'dengu ali ndi vuto.

Vuto lenileni limadziwika ndi chizindikiro chimodzi: anthu akulilipira kale. Mwina sakulipira ndi ndalama. Akulipira ndi miyendo, ndi maola odikira pamzere, ndi katundu woonongeka, kapena ndi ndalama yotuma wakabaza kuti akawagulire chinthu ku Chirimba. Mukatha kutchula munthu wake, nyengo imene vutolo limamugwera, chimene amachita pakadali pano pofuna kulizemba, ndi zimene amataya, ndiye kuti mwagwira vuto. Mukaona kuti zonse zimene mukunena zikuyamba ndi mawu akuti "ndikufuna", mukadali ndi ganizo chabe.

Nkhani ya maganizo apamwamba ndi ya anyamata a makompyuta m'tauni. Ife a kumudzi ikutikhudza bwanji?

Ikutikhudza kuposa iwo, chifukwa ganizo limene limadya mpamba kuno si lachilendo ayi. Ndi lobwereka. Munthu waona mnzake wakhoma malata chifukwa cha okala, nayenso akuti okala. Yendani mumsewu wa M1 kuchokera pa Kameza, kudutsa Lunzu ndi Matindi mpaka Lirangwe, kapena mukhotere njira ya ku bwalo la ndege la Chileka, muone zimene zikugulitsidwa m'mbali mwa msewu. Milu ya tomato yondandalikana, maokala a sopo, shuga, mchere ndi mafuta ophikira zofanana ndendende, ziwaya za tchipisi, timanyumba ta Airtel Money ndi Mpamba togundana makoma.

Woyamba pa malo aliwonsewa anaona vuto. Airtel Money itayamba mu 2012, TNM Mpamba n'kutsatira mu 2013, bambo wa ku Lirangwe amene mwana wake amagwira ntchito ku Lilongwe anasiya kudalira kondakitala wa basi kuti amubweretsere ndalama mu envelopu, anasiyanso kukwera minibasi mpaka m'tauni kukaima pamzere. Ajenti woyamba pamsikapo anatula anthu mtolo weniweni. Wachisanu ndi chitatu sanatule munthu kanthu, anangobwera kudzagawana ndi anzake makasitomala omwe aja. Mbale ya nsima ndi yomweyo, angochuluka ndi manja. Zotsatira zake tonse timazidziwa: kutsitsirana mitengo mpaka phindu kutha, kenako kukopa anthu ndi ngongole, kenako loko pachitseko.

Sindikunyoza wotengera. Munthu wa mpamba wochepa amasankha njira imene ena adutsamo kale chifukwa akudziwa kokaoda, akudziwa mtengo, ndipo katundu akapanda kuyenda banja lidya yemweyo. Imeneyo ndi nzeru ya munthu amene alibe pogwera. Koma ngakhale mkati mwa geni yodzaza muli mavuto amene sanapeze mwini. Ndi kangati mwafika kwa ajenti n'kuuzidwa kuti alibe ndalama yokwanira yoti mutape? Ndi midzi ingati yakutali ndi tala kumene agogo amalipira kabaza kupita ndi kubwera kuti akatape kandalama kamene mdzukulu watumiza? Amene angayankhe zimenezo sakutengera, ngakhale chikwangwani chake chitafanana ndi cha anzake.

Pali chitsanzo chenicheni cha ganizo lokoma limene linalephera chifukwa chosayambira pa vuto?

Chilipo, ndipo chinafika mpaka kuno ku Malawi. Ku South Africa kunapangidwa pampu yotchedwa PlayPump. Anali katungwe wozungulira woti ana akamasewerapo azipopa madzi kuchokera pansi kupita m'thanki yam'mwamba. M'mbali mwa thankiyo ankakhomamo zikwangwani zotsatsa malonda, ndipo ndalama za otsatsawo ndi zimene zinkayenera kulipirira kukonza pampuyo ikaonongeka. Pongomva chabe, ndani akanakana? Ana akusangalala, amayi akupuma, madzi akutuluka. Mu 2000 ganizoli linapata mphotho ku World Bank, ndipo mu 2006 Laura Bush, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la America pa nthawiyo, analengeza thandizo la madola 16.4 miliyoni. Cholinga chinali kuika mapampu 4,000 pofika 2010.

Atayamba kuikidwa m'midzi ya ku Mozambique, Malawi ndi Zambia, zoona zake zinaonekera. Pakhomo madzi amafunika m'mamawa ndi madzulo, osati nthawi imene ana afuna kusewera. Katungwe wopopa madzi ndi wolemera, ukasiya kukankha amaima, ndipo ana sachedwa kutopa naye. Mapeto ake amayi, ena okalamba ena oyembekezera, ndiwo ankakankha chigudumucho ndi manja. Makampani sanaone chifukwa chotsatsira malonda pakati pa mudzi, choncho ndalama yokonzera sinapezeke, ndipo pampu ikafa eni mudzi analibe zipangizo kapena luso loikonzera. Imodzi inkadya madola pafupifupi 14,000, kuwirikiza kangapo mtengo wa mjigo wamba. Chopweteka kwambiri n'chakuti m'malo ena anazula mjigo wogwira ntchito n'kuikapo katungweyo, eni ake osafunsidwa. Pofika 2010 bungwe la PlayPumps International, limene linkafalitsa mapampuwa, linasiya ntchitoyo.

Tsono yang'anani mjigo umene uli pamudzi panu. Mijigo yambiri m'Malawi muno ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo ntchito yopanga mjigowu inayambira m'dziko lomwe lino mu 1981, pa dzina lakuti Maldev, isanakapitirire ku Kenya. Amene ankaupanga sanadzifunse kuti tipange chiyani chodabwitsa. Anayambira pa chimene ankachiona ndi maso: mijigo yakale ikaonongeka inkakhala miyezi ikudikira amisiri a boma ndi galimoto lawo. Choncho anafuna mjigo woti anthu a m'mudzi azitha kuumasula okha ndi sipanala, kusolola ndodo zake ndi manja popanda makina onyamulira, n'kusintha timalabala totsika mtengo. Patha zaka zoposa 40, ndipo m'mawa uliwonse zidebe zikundandabe pa mjigo womwewo.

Ndiye kuti munthu wa ganizo alitaye?

Asalitaye. Alitulutse m'mutu msanga, alipereke kwa anthu likadali laling'ono, ndipo alole kuti anthuwo alikhotetse. M-Pesa ya ku Kenya, imene inatchukitsa ndalama za pafoni mu Africa muno, sinayambe ngati njira yotumizirana ndalama. Poiyesa koyamba mu 2005, cholinga chinali choti anthu otenga ngongole zing'onozing'ono ku bungwe la Faulu azibweza kudzera pafoni. Eni ake atayang'anitsitsa zimene anthu ankachita, anapeza kuti akutumizirana ndalama okhaokha, akulipirana pa malonda, ena akusungamo ndalama usiku kapena poyenda ulendo poopa akuba. Kampani ya Safaricom sinakakamire ganizo loyamba lija. Pokhazikitsa M-Pesa mu Malichi 2007, uthenga wake unali wa kutumiza ndalama kumudzi, chinthu chimene ogwira ntchito m'tauni ankavutika nacho mwezi ndi mwezi.

Palinso malonda ena amene sayambira pa dandaulo la munthu. Chileka ndi kwawo kwa oimba. Palibe amene anapita m'mudzi mwa Singano kukapempha Daniel ndi Donald Kachamba kuti ayambe kuimba. Luso linali lawo, ganizo linali lawo. Koma anyamatawo ankaimba m'misewu ya Blantyre, pamaso pa anthu amene akanatha kuima kapena kungopitirira, zaka zingapo asanakaimbe ku Ulaya. Woimba mumsewu amadziwa tsiku lomwelo ngati nyimbo yagwira anthu mtima. Waluso aliyense, kaya ndi telala, kalipentala kapena wophika, afunika kuonetsa ntchito yake pamalo otero, pamene anthu osamudziwa angaikane, asanagule makina a ngongole.

Kwa Kuntaja mavuto ndi osawerengeka. Bwanji onse sasanduka mabizinesi?

Apa ndi pamene malangizo ochokera kunja amatisocheretsa. Amati ukapeza vuto ndalama zibwera zokha. Kuno vuto likhoza kukhala lalikulu zedi, mwini vutolo alibe ngakhale khobidi.

Madzi ambiri amene mzinda wa Blantyre umamwa amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, n'kupopedwanso pa Chileka kuti akwere mtunda kufika m'tauni. Magetsi a pa Nkula, kumene makina oyamba anayamba kugwira ntchito mu 1966, amadutsa pamwamba pa midzi ya chigawo chino kulowera kumzinda. Komabe makomo ambiri a m'midzi imeneyi amatunga pamjigo ndipo usiku amaunikira tochi. Limenelo ndi vuto loona, ndipo ine limandiwawa, koma si la munthu wa mpamba wa banki mkhonde. Ndi la boma, la khonsolo ndi la aphungu, ndipo malo ake ndi ku misonkhano ya makomiti a chitukuko. Chimene wamalonda wamng'ono angagwirepo ndi tizidutswa take: kutchaja mafoni, kukonza masola, kusunga zipangizo za mjigo.

Kuti vuto lisanduke bizinesi pafunika wolipira, ndipo wolipirayo akhale ndi ndalama pa nthawi imene vutolo lafika. Dera lotsikira ku Shire ndi lotentha, mvula yake ndi yosadalirika, ndipo ndalama m'midzi imayenda ndi nyengo. Imaoneka pokolola, kuyambira Epulo mpaka cha mu Ogasiti, n'kuzimirira mu Januwale ndi Febuluwale pamene aliyense ali kalikiliki ndi ganyu. Chaka cha ng'amba ngati 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndalama iliyonse yolowa m'nyumba imapita ku chimanga. N'chifukwa chake mafuta ophikira amagulitsidwa m'timachubu, shuga pa supuni, ufa m'timapepala. Amalonda anazindikira kalekale kuti chimene chimalepheretsa anthu kugula si kusowa kwa katundu koma kukula kwa paketi. Palinso zinthu zimene anthu anazolowera kulandira ulere. N'kovuta kugulitsa neti ya udzudzu kwa mayi amene akudziwa kuti ku sikelo adzagawa.

Ndipo pali vuto lina loona, lokhala ndi olipira ambirimbiri, koma yankho lake likutidya tonse. Mzinda wa Blantyre, umene kalembera wa 2018 anapeza kuti uli ndi anthu oposa 800,000, umaphikira kwambiri makala. Njinga zolemedwa ndi matumba zimene zimakankhidwa m'bandakucha kulowera m'tauni zikuyankha chosowa chenicheni. Koma aliyense woyang'ana phiri la Michiru akuona kumene zikutifikitsa, ndipo kuyambira 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsa zilango kwa ootcha ndi ogulitsa makala popanda chilolezo. Kusowa kwa moto wophikira sikuchoka. Chofunika ndi munthu woti akuyankhe mwa njira ina, monga chitetezo mbaula imene imadya nkhuni zochepa, kapena mitengo yodzala dala kuti idzadulidwe. Munthu ameneyo akonzeke kupikisana ndi mtengo wa makala pamsika, chifukwa mayi wa ku Ndirande pogula amawerengera ndalama imene ili pachitenje.

Tatchulani mavuto a kuno amene anthu akuwalipira kale.

Loyamba ndi chitopa. Nkhuku ndi imene imagulitsidwa mwana akadwala kapena akafuna ndalama ya mayeso, koma chitopa chikalowa m'mudzi chimasesa makola m'masiku ochepa. Mankhwala ochiza kulibe, katemera ndiye alipo. Katemera wa I-2 amapangidwa konkuno, ku labotale ya boma ya ziweto ku Lilongwe. Amadonthezera dontho limodzi m'diso la nkhuku, amapirirako kutentha kusiyana ndi akatemera ena, ndipo amafunika kubwereza miyezi inayi iliyonse. Kabotolo kamodzi n'ka nkhuku zambirimbiri, ndipo kakatsegulidwa sikakhalitsa. Mpata uli pamenepo. Banja la nkhuku khumi silingagule kabotolo konse, koma lingapereke kandalama kochepa pa nkhuku iliyonse kwa munthu woyenda khomo ndi khomo. M'madera ambiri a dziko lino muli anthu ophunzitsidwa ndi alangizi a ziweto amene amachita zimenezi.

Ntchitoyi ili ndi minga yake, ndipo ndi bwino kuidziwiratu. Mukapereka katemera kwa nkhuku zimene zatenga kale matenda zifa ndithu, ndipo mudzi wonse udzati katemera wanu ndiye wapha. Muyenera kufika matenda asanafike, nthawi imene mwini nkhuku sakuona chifukwa cholipirira. Muyenera kusunga katemerayo pozizira ndi kusamala kuti nsapato ndi manja anu zisanyamule matenda kuchokera khola lina kupita lina. Pamapita nyengo ziwiri kapena zitatu kuti anthu aone kuti nkhuku za anzawo zatsala pamene zawo zatha. Akaona, amakuitanani okha. Poyambira pake ndi ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu.

Lachiwiri ndi mijigo ija. Timalabala ndi mabushi zimatha ndi kutunga. Makomiti ambiri amasonkhetsa ndalama mwezi ndi mwezi, koma chimene chimachedwetsa ndi kosakira zipangizo ndi makaniki wodziwa ntchito. Golosale yosunga kabokosi ka zipangizozi sidzalemera nazo, popeza siziyenda tsiku ndi tsiku, koma imadziwika ndi makomiti a midzi yambiri, ndipo wobwerera kalabala sachoka osagulako sopo.

Kusunga chimanga ndi vuto linanso. Anthu amagulitsa motchipa pokolola, ena chifukwa cha ngongole, ena poopa anankafumbwe, n'kudzagula chomwecho modula mu Januwale. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amapha tizilombo popanda kuthira mankhwala, malinga chimanga chikhale chouma bwino ndipo thumbalo lisabooke. Wowagulitsa amene amapita nawo pakhomo n'kuonetsa kamangidwe kake akugulitsa chinthu chosiyana ndi wongowapachika pashelefu.

Cha ku Chileka mzinda ukusefukira komweko, minda ikusanduka mapuloti. Kuyambira 2018 malamulo saloleza njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi nyumba zikuluzikulu za malonda, ndipo mabuloko a simenti afala. Pamalo omangira pamafunika mabuloko olimba, madzi, mlonda wa zipangizo ndi nsima ya amisiri masana.

Ndingadziwe bwanji kuti vuto ndalionalo ndi loona, kuti sindikungodzinamiza?

Musafunse munthu kuti, "Kodi nditabweretsa chakutichakuti mungagule?" Ife sitikana munthu pamaso. Azakhali anu adzati, "Zabwino zimenezo mwanawe, Mulungu akutsogolere," ndipo adzakhala akunena kuchokera pansi pa mtima, koma sikuti alonjeza kugula. Funsani za m'mbuyo. "Amayi, nkhuku zinakuferani liti komaliza? Zinafa zingati? Munayesapo chiyani? Munaononga ndalama zingati?" Munthu saiwala zimene anataya. Mukapeza kuti sanayesepo chilichonse, ngakhale kuthira tsabola kapena phulusa m'madzi akumwa nkhuku, ndiye kuti vutolo silikumuwawa mokwanira kuti alipire.

Khalani tsiku lathunthu la msika pa Lirangwe kapena pa Lunzu osagulitsa kanthu. Onani chimene chimatha 10 koloko isanakwane, chimene chimabwerera kunyumba madzulo, ndi chimene anthu amafunsa n'kuuzidwa kuti pokhapokha ku Limbe. Chezani ndi akabaza, chifukwa iwo amadziwa zimene anthu amatuma ndi kumene zimachokera. Mudzabwerenso nyengo ina, popeza msika wa mu Juni si wa mu Januwale.

Kenako yesani ndi ndalama imene itatayika simungagulitse mbuzi. Musamange shopu. Bwerekani chipangizo, chitani lendi ya masiku ochepa, odani pang'ono. Umboni ndi ndalama m'manja: munthu wopereka theka la mtengo katundu asanafike, kapena wobweranso kachiwiri osaitanidwa, ndipo asakhale wachibale. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Bwanji osangotenga ngongole n'kuyamba zazikulu kamodzin'kamodzi?

Chifukwa ngongole ili ndi tsiku lake, pamene makasitomala alibe tsiku. Maboma osiyanasiyana akhala akukhazikitsa thumba la ngongole za mabizinesi ang'onoang'ono: MARDEF mu 2005, kenako MEDF, imene mu 2020 inasinthidwa kukhala NEEF. Nkhani imene yakhala ikumveka mobwerezabwereza ndi ya ngongole zosabwezedwa. Zifukwa zake n'zambiri, ndale zilinso momwemo, koma chimodzi sichitchulidwa kawirikawiri. Ndalama ikabwera vuto lisanapezeke, munthu amayamba kusakasaka chochita nayo, ndipo chimene amapeza msanga ndi ganizo lobwereka lija. Pepala la ndondomeko ya bizinesi limene obwereketsa amafuna limalembeka bwinobwino ngakhale wolembayo sanalankhulepo ndi wogula mmodzi yemwe.

Banki mkhonde ndi yabwinoko chifukwa ndalama yake ndi yochepa ndipo anzanu amakudziwani. Koma chiongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, ndipo geni ya phindu lochepa ngati okala sichedwa kuyamba kugwirira ntchito gulu m'malo mwa mwini wake. Za katapila ndiye musayandikireko n'komwe.

Pamwamba pa zonsezi pali kugwa kwa kwacha, imene inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anagulitsa katundu pa mtengo wakale anabwerera kokaoda ndi ndalama yosakwanira kudzazanso shelefu. Pa nthawi ngati imeneyo, bizinesi yothetsa vuto lowawa imatha kukweza mtengo makasitomala osathawa, pamene yongofanana ndi ya mnzanu singayerekeze, popeza wogula angosuntha mapazi atatu. Nthawi yabwino yotenga ngongole ndi pamene mwayamba kubweza anthu chifukwa katundu wakuperewerani.

Vuto likapezeka, ndiye kuti basi mpaka kalekale?

Ayi, ndipo alimi a nandolo a chigawo cha kummwera amadziwa bwino. M'zaka za 2015 ndi 2016 mtengo wa nandolo unakwera kwambiri chifukwa ku India sanakolole mokwanira. Anthu anakuza minda, mavenda anapachika masikelo paliponse. Mu Ogasiti 2017 dziko la India, litakolola zambiri kwawo, linaika malire a nandolo wolowa kuchokera kunja, ndipo mtengo kuno unagwa pansi nandolo ali m'matumba. Chosowa chimene alimiwo ankayankha chinali cha munthu wa kutsidya kwa nyanja amene sanamuonepo, ndipo chinathetsedwa ndi chiganizo cha boma lina. Mu 2021 mayiko awiriwa anagwirizana zoti Malawi azitumiza matani 50,000 pachaka, koma wolimira msika wakutali ayenerabe kudziwa chimene chikuchititsa wogulayo kugula, ndipo asapereke munda wonse kwa iye.

Zimachitikanso pafupi pompano. Wotchaja mafoni amachepa makasitomala makomo akamagula timasola tawotawo. Namondwe Ana ataononga makina a pa Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazima maola ambiri ndipo zigayo za dizilo zinapeza anthu. Makinawo atakonzedwa mu 2023 zinthu zinasinthanso. Wogula jenereta ya ngongole pa nyengo yotere adzifunse ngati adzakhale atamaliza kubweza magetsi asanabwerere.

Ine ndinatsegula kale okala chifukwa choonera anzanga. Nditseke?

Musathamangire kutseka. Muli ndi chinthu chimene woyamba kumene alibe: anthu amabwera okha pawindo panu tsiku ndi tsiku, n'kumakuuzani zimene akusowa popanda inu kuwalipira. Eni maokala ambiri ali ndi kope la ngongole, koma ndi ochepa amene ali ndi kope la zinthu zimene anthu anafunsa iwo alibe. Gulani kope lachiwirilo. Muzilemba chinthucho, tsiku lake, ndi kumene munthuyo wati akachipeza. Muzilembanso zodandaula zimene zimatuluka pocheza: chigayo chatseka msanga, mbewu ya chaka chatha sinamere, chubu cha njinga sichipezeka pafupi.

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu muwerenge chimene chabwerezedwa kwambiri ndi anthu osiyanasiyana. Zina mudzapeza kuti zimafuna chilolezo, monga mankhwala a anthu, a ziweto ndi a mbewu, komanso zakudya zopakira m'mapaketi zimene a Malawi Bureau of Standards ayenera kuziona. Pa zimenezo yambani mwafunsa ku ofesi zoyenera. Mchere, sopo ndi machesi musachotse, chifukwa ndi zimene zimabweretsa anthu. Chepetsani katundu amene wagona pashelefu pamene anzanu onse ali naye, ndipo ndalama yakeyo muodere zinthu zisanu zokha za mtundu umene watsogola m'kope muja. Zikatha sabata isanathe, ulendo winawo odani khumi. Zikakhala mwezi wathunthu, musaodenso, tsegulani kope muone chimene chili pa nambala yachiwiri.